Abiti Salimu ndi Mpunga wa Maliro

Arubaini ya apongozi anga, Abiti Salimu, sadaka ya patatha masiku makumi anayi chimwalirireni, tinachita Lachisanu lapitali kwathu ku Chiwaula. Anthu anachuluka kuposa mbale zimene tinabwereka. Ena anakwera kuchokera ku Meponda kumene malemuwo anabadwira, ena ku Chimbonila, ndipo azimayi a mu merikado anabwera ambiri, ngakhale aja amene anatukwanidwapo mpaka kulumbira kuti moni watha. Shehe atamaliza duwa panakhala bata pang'ono. Kenako mayi wina kumbuyo anayamba kuseka yekha atakumbukira zake, ndipo kuseka kuja kunayenda mkeka ndi mkeka. Shehe anaweramitsa mutu, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Anali munthu wamfupi wa mawu aakulu. Ankagulitsa usipa ndi utaka wouma mu merikado ya ku Vila Kabrali, ndipo zaka zonse zimene anakhala kumtunda kuno sanapumeko kudandaula. Ankati Mulungu analenga nyanja ali wokondwa, koma phiri la Lichinga analiumba atatopa, n'kukhuthulirapo chifunga chonse chimene chinatsala. Miyezi yozizira ankavala jekete lakale la amuna awo pamwamba pa zitenje za kapulana zingapo, chiguduli pamapewa, n'kumayenda ngati mtolo umene wamera miyendo. Iwo ankawamvera chisoni anthu a kumtunda. Ankati munthu wodya nyemba m'mawa ndi madzulo amayankhula mbali ziwiri, ndipo mbali yonena zoona ndi yakumunsiyo.

Chinthu chilichonse ankayamba achinunkhiza: nsalu, ndiwo, khanda, ngakhale mlendo. Tsiku limene ndinalowa m'banja lawo anandizungulira mphuno ili patsogolo, n'kuuza mwana wawo Saidi, amene ndi amuna anga, kuti wabweretsa mkazi wonunkha utsi wa nkhuni zaziwisi, koma adzauma. Ine ndinangoyang'ana zala zanga zakumapazi. Zimenezo zinawasangalatsa. Anati pakhomo pa olongolola awiri pamafunika mmodzi womvetsera.

Wolongolola wachiwiriyo anali amuna awo, Che Bwanali, amene ankatsika ku Meponda panjinga kukatenga nsomba mpaka mawondo atawakana. Awiriwa ankakangana kuyambira pa tiyi wam'mawa. Che Bwanali ankati akazi awo sathira shuga, amangomuonetsa kapu kuti adziwane. Abiti Salimu ankayankha kuti munthu amene watsala ndi mano owerengeka ayenera kuthokoza pomusungira otsalawo. Tsiku limene sanakangane tinkadziwa kuti wina wadwala.

Koma mkangano umene unawapweteka zenizeni unali wa Asiyatu, mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, n'kumanga kuseri kwa apongozi, kungoti ine ndinalowa chitengwa. Abiti Salimu anali atasankha kale malo a nyumba ya mkamwini, pafupi ndi mtengo wa pichesi, poti akafuna kukalipa asamavutike kudzuka pamkeka. Ndiye kunabwera Momade, telala wosoka pakhonde la kantina ya Mmwenye, wochokera ku Ilya, chilumba cha kunyanja yamchere. Anali wofatsa, waulemu, Chinyanja chake chopindika ngati mbedza. Ukwati unachitika bwino, kanyumba kanamangidwa pa pichesi paja. Koma kuzizira kwa kuno kunamulowa m'chifuwa, ndipo mvula itatha anati akubwerera kwawo. Asiyatu anati apita naye.

Tsiku lonyamuka, Abiti Salimu anaima pamsewu kamiyau, lole ya katundu, ikulira, n'kulumbira pamaso pa anthu kuti chakudya cha m'nyumba ya wakubayo sichidzadutsa pakhosi pawo mpaka adzakulungidwe m'sanda. Asiyatu anapita akulira pamwamba pa matumba. Kuchokera apo dzina la Momade linafa pakhomo pathu. Anali wakuba uja basi. Che Bwanali ankati lumbiro lotere lili ngati munga wa nsomba, kumeza sikutheka, kulavula sikutheka, koma ankanena zimenezi akazi awo ali kubafa.

Panapita mvula zingapo. Tsiku lina dalaivala wa kamiyau yobweretsa mchere anatiuza kuti Asiyatu ndi woyembekezera, masiku ayandikira, miyendo yatupa ndipo sakudzuka bwino. Apongozi anga sanayankhe kanthu, chinthu chimene chinaopsa merikado yonse. M'mawa mwake anati iwo analumbira za pakhosi, za mapazi sanalumbire. Anayamba kulongedza mudengu ufa, usipa, mphika, mthiko, nyemba zomwe ankazinyoza zija, ndi kamchere komwe.

"Mchere mukupita nawo kunyanja yamchere?" anafunsa Che Bwanali.

"Wa kumeneko ndi wa wakuba."

"Nanga uwu unachokera kuti? Si komweko?"

"Uwu wayenda ulendo. Wayera."

Saidi sakanatha kusiya ntchito ku ofisina, choncho wonyamula dengu ndinali ine, Lukiya wanga ali kumbuyo akuyamwabe. Apongozi anati popeza ndinapitako kusukulu pang'ono, ndizikawawerengera mayina a masiteshoni kuti asatipitirize. Titapeza giya, chiphaso cha ulendo, ku maofesi a boma a Adiministrasau, tinakwera pamwamba pa matumba a mbatatesi mpaka ku Kuwamba, kumene Azungu amati Nova Fureshu, ndipo kumeneko tinalowa komboyo, sitima ya pamtunda.

Dziko lililonse ankaliweruza ndi madzi ake. A ku Mandimba anati akumveka chule. A ku Kuwamba anati wina anasambiramo kale. M'komboyo anakhala pawindo, n'kumalangiza anthu osamva chinenero chawo za kakhalidwe kabwino ka nkhuku paulendo. Tikutsika chotsika kutentha kunakula, ndipo zovala zinayamba kuchoka chimodzichimodzi: chiguduli, jekete, kapulana yapamwamba, ina yapansi pake. Pofika ku Nampula ndinazindikira kuti apongozi anga ndi kamunthu kochepa kwambiri. Mawu okha ndi amene sanachepe.

Kumeneko ndi kumene anaona koyamba chipatso cha kaju, chimene mbewu yake imalendewera kunja. Anachitembenuza, anachinunkhiza, n'kuchibweza kwa wogulitsa. Anandiuza kuti dziko limene chipatso chimavala matumbo pamwamba pa malaya silingabale anthu olongosoka. Mitengo ya koko, kokonati ija, italiitali yopanda nthambi, anati ndi matsache amene wina anawazika chozondoka n'kuiwala.

Njanji inathera ku Lumbo. Tinatsikira kugombe kuti tikwere dau, bwato lalikulu la tanga, koma nyanja kunalibe. Kunali matope ndi mchenga mpaka kutali, mabwato atagona chammbali ngati ng'ombe zodwala.

"Amake Lukiya, taonani," anatero. "Ndinkanama ine? Aba ndi madzi omwe."

Tinakhala pansi pa mtengo kudikira, osadziwa chimene tikudikira. Dzuwa litapendeka madzi anayamba kubwera okha, opanda mvula, opanda mphepo, mpaka mabwato anadzuka. Apongozi anga anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati abweza chifukwa aona kuti kwabwera munthu wodziwa nyanja. Anakwinya kapulana, analowa mpaka m'mawondo, anatunga ndi manja awiri monga amachitira ku Meponda, Bisimila, n'kumeza. Nkhope imene anatembenuka nayo sindidzaiwala. Anafunsa gombe lonse kuti wathira ndani. M'dau muja, munthu amene ankadzitama kuti anabadwira m'bwato anagona pa dengu n'kubweza zonse zimene anadya kuchokera ku Kuwamba.

Ku Ilya tinadutsa nyumba zamiyala zoyera, misewu yopapatiza, ndi mzimayi wachizungu atakhala m'kangolo kokokedwa ndi munthu wothamanga. Apongozi anga analibe mphamvu yonenapo kanthu. Maganizo awo anali atafika kale kwa mwana wawo. Bambo wina wonyamula katundu anamva dzina la Momade telala, n'kutitsogolera kumbali ya nyumba zofolera ndi makuti, masamba a koko, zimene zili m'munsi mwa msewu moti umatsika masitepe ngati ukulowa m'chitsime. Anatilozera khomo n'kubwerera.

Pakhonde panali azimayi atakhala mondondozana. Onse anali chete. Nkhope zawo zinali zoyera mbee ngati azipaka phulusa, maso ndi milomo yokha ndiyo inkaoneka. Sanaseke, sanatilonjere mokweza monga achitira anthu poona alendo, anangotiyang'ana ndi nkhope zouma gwa. Kwathu azimayi akasonkhana pakhomo n'kukhala duu chotero, sufunsanso. Apongozi anga anandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa.

"Asiyatu ali kuti?" anafunsa m'Chinyanja. Anabwereza m'Chiyao.

Azimayi aja ankayankhula Chimakuwa, ndipo anangomva dzina lokha. Wamkulu pakati pawo analoza m'nyumba, anaphatikiza manja pansi pa tsaya, n'kutsinzina.

Dengu linagwa. Sindikudziwa ngati ndinaligwetsa ine kapena analikankha iwo podzigwetsa pansi. Ufa unamwazika mumchenga, usipa uli mbwee. Abiti Salimu analira maliro a ku Meponda, aja omveka kwa asodzi ali pakati pa nyanja.

"Mwana wanga ine! Ndachedwa ine! Pakamwa panga pandidyera mwana! Asiyatu, dzuka unditukwane!"

Ine ndinalira nawo, Lukiya kumbuyo analandiranso. Azimayi aja anayang'anana. Kwa iwo, mlendo wafumbi wochokera kutali akafika pakhomo n'kugwa ndi kulira, ndiye kuti wabweretsa uthenga wa imfa. Anayamba kulira nawonso, zoyera zija zikusweka n'kumayoyoka m'masaya. Oyandikana nawo anatsika masitepe akuthamanga, aliyense akufika ndi kulira kwake. Amphaka okha ndi amene anagwira ntchito yanzeru pa usipa uja.

Phokoso lija linadzutsa munthu amene ankagona m'nyumba. Chitseko chinatseguka, n'kutuluka Asiyatu, khanda lili pachifuwa, nkhope yake ili mbee ngati enawo.

Apongozi anga anadumpha n'kubisala kumbuyo kwanga, akutchula mayina onse a Mulungu amene ankawadziwa. Asiyatu anaona mayi ake ali fumbi lokhalokha, akulira, bambo ake palibe. Anafuula:

"Ababa! Ababa amwalira!"

Apongozi anga anandikoka nsalu kumsana. Anandinong'oneza kuti, "Mwamva? Akufa sanama. Wakumana nawo kumeneko." Anadzigwetsanso pansi, tsopano kulira amuna awo. Anatchula njinga yawo, mawondo awo, shuga yense amene anawamana. Asiyatu ankalira bambo ake kukhonde, mayi ake ankalira munthu yemweyo pabwalo, koma Asiyatu akati ayandikire, iwo ankakwawira kutali.

Momade anafika akuthamanga kuchokera kosoka, tepi ili m'khosi. Anaima patali ndi apongozi ake monga mwa ulemu, n'kundikodola.

"Alamu, mwafika bwino? Wamwalira ndani?"

"Asiyatu," ndinatero.

"Uyu waima apayu?"

Ndinayang'ana. Khanda linali likuyamwa, ndipo linkaoneka kuti likupeza kanthu.

"Ndiye ndi Che Bwanali," ndinatero.

"Kalanga ine. Amwalira liti?"

"Kaya. Ife tinawasiya akumwa tiyi."

"Wakuuzani ndani tsono?"

"Asiyatu."

"Nanga iye wamuuza ndani?"

Momade anakanda m'mutu, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi beseni la madzi. Asiyatu anasukusula, nkhope yake yakale n'kubwerera, yonenepa kuposa mmene inachokera kwathu. Abiti Salimu anayandikira pang'onopang'ono, khosi litatalika. Anamununkhiza paphewa, m'mutu, pachifuwa.

"Mkaka," anatero. Anamukumbatira mpaka khanda linadandaula, kenako anamukankha. "Iwe, ukupakiranji phulusa uli moyo?"

Sanali phulusa. Ndi musiro, kamtengo kamene azimayi a kumeneko amapera pamwala ndi madzi n'kudzola kuti khungu lisalale. Ukauma umagwira nkhope, ndipo ukaseka umasweka, n'chifukwa chake anakhala duu. Anali abale a Momade, obwera kudzathandiza mayi wa khanda amene anali atachira bwinobwino masiku apitawo, ndipo ankakhala chete kuti apumuleko.

Koma uthenga unali utathamanga kale kuposa choonadi. Mbali yonse ya makuti inamva kuti mpongozi wa telala wamwalira kumtunda, ndipo miphika inali pamoto. Pamene ife tinkamasulirana, mbale zinayamba kufika: mpunga wophika ndi mkaka wa koko, nsomba zamsuzi wachikasu, maembe owawasa a tsabola. Eni ake atamva kuti wakufayo ali moyo anaseka mpaka kugwirana, koma anati sadaka ikatuluka pakhomo sibwerera. Anayala zonse pamkeka m'nyumba ya Momade.

Kuseka kunatha titakhala pansi. Asiyatu ankalidziwa lumbiro lija, ine ndinkalidziwa, Momade amene anakhala panja atafulatira khomo ankalidziwanso. Azilamu ake a Asiyatu anadzaza pakhomo kuti aone mlendo akudya. Akakana, mwana wawo akanatsala ndi manyazi pakati pa anthu amene adzakhale nawo moyo wonse, ndipo ulendo wonse uja ukanangokhala kudzatsekanso chitseko. Ufa wathu unali mumchenga, usipa m'mimba mwa amphaka. M'mimba mwa apongozi anga munkalira momveka.

"Amayi, idyani," anatero Asiyatu atagwada. "Ndapota nanu."

Abiti Salimu anaweramira mbale ya mpunga n'kukoka mpweya wautali. Anatsinzina. Anakokanso.

"Mpunga uwu waphikidwa chifukwa cha ndani?"

"Chifukwa cha ababa."

"Ndiye ndi wa maliro."

"Koma ababa ali moyo, amayi."

"Wawaona iwe? Ife tinachoka kale. Munthu wa mawondo aja ungamulumbirire?" Anakwinya dzanja la bulauzi. "Chakudya cha maliro si cha mwini nyumba. N'cha Mulungu. Wochikana ndi kafiri. Amake Lukiya, bweretsani madzi osamba m'manja."

Anadya. Poyamba ankatapa ndi nsonga za zala ngati munthu wokakamizidwa, kenako dzanja lonse linalowa. Mbale inabwerera kangapo. Asiyatu ankalira mwakachetechete akuwawonjezera msuzi, ndipo panja ndinamva Momade akutsokomola chifuwa chimene sichinali cha matenda.

Kuyambira tsiku limenelo, nthawi ya chakudya ikakwana Asiyatu ankagwada n'kunena kuti, "Amayi, za maliro zija zatsalako." M'mawa uliwonse Momade ankapita kugombe kukagula zotsala zatsopano. Zotsala za maliro a Che Bwanali zinatisunga mpaka mwezi unafa n'kubadwa wina. Munali nkhanu zazikulu ngati mbale, munali ndiwo zamasamba a m'mphepete mwa nyanja zimene amati sirisiri, zothira kaju wosinja. Tsiku lina kunabwera pweza, chinthu chopanda mafupa, mutu umodzi miyendo mbwee. Apongozi anga anafunsa ngati malemuwo analakwira ndani kuti pamaliro awo paphikidwe satana. Analawa, anati akumva ngati akutafuna tayala la njinga ya malemu, n'kumaliza mbale yonse kuti asawachititse manyazi.

Mphamvu zitabwerera, anafuna kuona chilumba. Asiyatu anatitengera ku foritaleza, linga lamiyala lalikulu loyang'ana kunyanja, mizinga ili pamwamba. Iwo analiyang'ana kuchokera pansi mpaka kumwamba n'kunena kuti womanga anali ndi mphamvu koma analibe anzake, chifukwa nyumba yonseyo ilibe khonde lochezerapo. Madzi akathawa ankatsika ndi azimayi kukatola nkhono m'miyala, n'kumawaphunzitsa katoledwe kake ngakhale anali asanatolepo chibadwire. Azimayiwo ankavomera zonse chifukwa sankamva. Mapeto ake anawagwira n'kuwadzoza musiro. Sunagwire. Unkafunika munthu wotha kutseka pakamwa mpaka uume.

Khanda lija linali lisanapatsidwe dzina. Anthu a m'makuti anali atayamba kale kulitchula Bwanali, pokumbukira agogo ake omwalira, ndipo dzina linakhala lomwelo.

Titatsala pang'ono kubwerera, Momade anayankhula ali kuseri kwa chitseko kuti wawagulira amayi mbuzi yoti apite nayo. Apongozi anga anayankha akuyang'ana khoma. Anati wina auze wakubayo kuti mbuzi yamoyo si chakudya, choncho ailandira. Anasangalala ngakhale ankabisa. Anapota chingwe, anandifunsa ngati komboyo imalola mbuzi kukhala pawindo, anasankha ndi malo a khola, pa pichesi paja. M'mawa wonyamuka Momade anabweretsa kampando kathabwa kopindika, kakafupi, kokhala ndi lilime lachitsulo la mano kutsogolo.

"Mbuzi ili kuti?"

"Ndi imeneyi, amayi." Anthu a m'madau amatchula chotero chopalira koko. Umakhalapo ngati wakwera, n'kumapala pa mano aja.

"Imadya chiyani?"

"Koko, amayi."

"Imabereka?"

"Ayi, amayi."

Anatembenukira kwa ine. Anati wakuba ndi wakuba, walonjeza mbuzi wapereka mafupa. Koma nditati ndiiike mudengu anandimenya padzanja, n'kuisenza okha mpaka ku Lumbo.

Che Bwanali tinawapeza pakhonde akuwothera dzuwa. Anayang'ana akazi awo kuyambira kumapazi.

"Mwanenepa, Abiti."

"Maliro anu anayenda bwino. Anthu anabwera ambiri, simunatichititse manyazi."

Atamva nkhani yonse anafunsa kuti anafa ndi chiyani. Anawayankha kuti palibe anafunsa, anthu anatanganidwa ndi mpunga. Zimenezi zinawapweteka. Ankadandaula kwa aliyense kuti munthu kufa imfa yabwino chotero osalawako ngakhale chipande chimodzi. Kumzikiti anzawo anayamba kuwalonjera kuti malemu, ndipo iwo ankayankha.

Kuno koko kulibe, choncho mbuzi ija inasanduka mpando wa Abiti Salimu mu merikado. Lilime lachitsulo linang'amba kapulana zambiri za odutsa, ndipo wogula akachulutsa zonena ankalitembenuzira kwa iye. Nkhani za ku Ilya ankazifotokoza tsiku lililonse, nkhanu zikukulirakulira chaka ndi chaka. Koma pakhomo, wina akafunsa ngati lumbiro lija linasweka, ankakwiya. Ankati iwo sanadyepo kanthu ka wakuba uja.

Chifuwa chinawagwira m'chisanu chapitachi, ndipo sichinawasunge nthawi yaitali. Anadandaula phala mpaka tsiku lomaliza. Anauza Che Bwanali kuti asiye kulira ngati mwana, nthawi yawo yoti adyeko mpunga wa maliro yafika. Tinawaika tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu, Asiyatu asanamve n'komwe. Iye anafika pa arubaini, Bwanali wamng'ono akuyenda yekha, Momade atasenza thumba la koko atavala majekete awiri. Tinatulutsa mbuzi ija, ndipo kwa nthawi yoyamba inagwira ntchito imene inabadwira. Che Bwanali anapatsidwa mbale yawo. Anatafuna pang'onopang'ono, misozi ikulowa m'ndevu.

"Kani ndinkakoma chonchi," anatero.

Anthu atabalalika, Momade anandipeza ndikutsuka miphika.

"Alamu, inu munkakhala nawo. Kodi anandikhululukira?"

Pakhomo pathu apongozi anga anafa akumutchula wakuba uja. Ndinangoti mawa ndikamuonetse pamene ankakhala.

Tinapita ku merikado m'mawa chifunga chisanachoke. Amayi Rozalina, ogulitsa mbatatesi amene anakhala moyandikana ndi apongozi anga zaka zonse, anamuyang'ana mlendoyo, majekete ake ndi kunjenjemera kwake.

"Inu ndinu wakuba?"

"Ndine, amayi."

"Ii, takuonani lero! Makutu athu anatopa nanu. Wakuba wanga amasankha nsomba kuposa asodzi. Wakuba wanga akasoka malaya, Mzungu amavula ake. Kuno kulibe mwamuna wofika pa wakuba wanga. Tinkati mwina muli ndi mapiko."

"Ankati wanga?"

"Nanga mukanakhala wa ndani?"

Malowo ali pakati pa milu ya mbatatesi ndi mayi wa tomato. Ndi kadanga kochepa, koti munthu wamkulu sangatambasule miyendo. Dothi lake ndi lakuda ndi mafuta a nsomba, ndipo dzuwa likatuluka timamba ta usipa timanyezimira. Pali timaenje pamene miyendo ya mbuzi inadya pansi. Merikado ndi yothina, anthu amakanganirana malo a phazi limodzi, koma palibe wayalapo chiguduli, ndipo odutsa amalambalala atagwira kapulana zawo.

Momade sanapondepo. Ananjuta chapatali, cham'mbali, nkhope atayang'ana kwina monga achitira mkamwini, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono kupereka moni. Tinadikira tonse, ndi amayi Rozalina omwe. Kanali koyamba kuti munthu alonjere pamalo amenewo osayankhidwa.